Maunyolo a Zigawo Ziwiri: Momwe Mapolima Amakulitsidwira M'madzi Mwadongosolo

Boma la Ntcheu lili ndi nyengo ziwiri zosiyana kutalitali, chifukwa kumadzulo kwake, m'mapiri a m'malire ndi dziko la Mozambique, ku Tsangano ndi ku Lizulu kumene alimi amakolola mbatata ya kachewere ndi kabichi, kumazizira koopsa m'mamawa wa miyezi ya June ndi July, pamene kum'mawa, m'chigwa cha Bwanje cha ku Sharpevale ndi ku Kasinje, dzuwa la October limaotcha makoma mpaka munthu osafuna kuwatsamira. Komabe penti wa madzi amene amagulitsidwa m'masitolo a pa boma amapita mbali zonse ziwiri, ndipo kulikonse amayenera kukwaniritsa zofuna ziwiri zotsutsana. Pamene akuuma ayenera kukhala wofewa mokwanira kuti tizigawo take tigwirane n'kupanga khungu limodzi lopanda ming'alu, ngakhale khomalo likhale lozizira. Akatha kuuma ayenera kukhala wolimba mokwanira kuti asamamate fumbi kapena kukalika kukatentha. Kwa zaka zambiri opanga penti akhala akunyengerera zofuna ziwirizi pothira mankhwala owonjezera, koma akatswiri a sayansi ya mapolima anafunafuna njira yozama kuposa imeneyi, yomwe ndi kuika kufewa ndi kulimba mkati mwa molekyulu imodzi, ndi kuchita zimenezi m'madzi wamba.

Kufunika kwa ndondomeko ya tizigawo

Polima ndi molekyulu yaitali kwambiri yopangidwa polumikiza timamolekyulu ting'onoting'ono mazana kapena zikwi, totchedwa mamonoma, mpaka kukhala unyolo. Ganizo limeneli analimbikira kulifotokoza ndi Hermann Staudinger wa ku Germany kuyambira mu 1920, pa nthawi imene akatswiri anzake ambiri sankakhulupirira kuti molekyulu ingatalike chotere, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1953. Monoma ya ethylene ikalumikizidwa imapanga polyethylene wa majumbo, vinyl chloride imapanga PVC wa mapaipi amene ntchito za madzi oyenda okha kuchokera m'mapiri, monga ya Mpira-Balaka, zimadalira kwambiri, ndipo vinyl acetate imapanga PVA amene ali mu guluu woyera wa akalipentala ndiponso mu penti wambiri wa m'nyumba. Polima iliyonse ili ndi mlingo wake wa kutentha umene imasinthira kuchoka pa kuuma gwa kupita pa kufewa. Kwa polystyrene mlingowu uli pafupi ndi madigiri 100, choncho nthawi zonse amakhala wolimba ndi wosweka msanga. Kwa PVA uli cha pa madigiri 30. Kwa poly butyl acrylate uli cha pa madigiri 50 pansi pa ziro, n'chifukwa chake polima imeneyi imakhala yonata ndi yomata ngakhale kuzizire bwanji.

Mamonoma a mitundu iwiri akalowa mu unyolo umodzi, chotulukapocho chimatchedwa kopolima, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mayi wa Chingoni wotunga mikanda yofiira ndi yoyera akhoza kuisakaniza m'mbale n'kumatola uliwonse umene wagwera m'chala, ndipo chingwe chake chikaonedwa patali chidzaoneka cha mtundu umodzi wotumbuluka. Akhozanso kutunga yofiira yokhayokha mpaka pakati n'kumalizitsa ndi yoyera yokhayokha, ndipo mitundu yonse iwiri idzaoneka bwinobwino. Kopolima yosakanizika mwachisawawa imakhala ndi khalidwe la pakatikati, si yolimba kwenikweni komanso si yofewa kwenikweni, pamene kopolima ya zigawo, imene akatswiri amaitcha block copolymer, imasunga makhalidwe onse awiri osachepetsedwa. Chifukwa chake n'chakuti mapolima ambiri osiyana amakana kusakanikirana, koma popeza zigawo ziwirizo ndi zomangirirana pamutu, sizingathawane kupita kutali; zimangopatukana pa mtunda wa mananomita makumi ochepa, ndipo nanomita ndi gawo limodzi la milimita yogawidwa kamiliyoni.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi SBS, imene ili ndi chigawo cholimba cha styrene kumapeto onse awiri ndi chigawo cha butadiene chotanuka pakati. Mapeto olimbawo amasonkhana m'timfundo timene timagwira maunyolo onse pamodzi, pakati ponse n'kumatanuka ngati labala, koma ikatenthedwa timfundoto timasungunuka ndipo chinthucho chikhoza kuumbidwanso, zimene labala wa matayala sangalole. Kampani ya Shell inayamba kugulitsa mapolima amenewa m'zaka za m'ma 1960 ndi dzina loti Kraton, ndipo mpaka lero amalowa m'masolo a nsapato, m'zomatira, ndi mu phula wa misewu amene amafunika kupirira kutentha ndi katundu wolemera. Anatheka kupangidwa chifukwa cha zimene Michael Szwarc anatulukira ku Syracuse, m'dziko la America, mu 1956, pamene anaonetsa kuti unyolo ukhoza kukula popanda kufa ngati nsonga yake ili ndi mphamvu ya magetsi ya mtundu wa anion, kotero kuti monoma yoyamba ikatha, yachiwiri ikhoza kuthiridwa n'kupitiriza pomwepo. Vuto la njira ya Szwarc n'lakuti kadontho ka madzi kapena kampweya kochepa kamapha nsongayo nthawi yomweyo, ndipo mamonoma ambiri ofunika popanga penti sagwirizana nayo bwino.

Unyolo umene umafa msanga

Gawo lalikulu la mapulasitiki a padziko lapansi limapangidwa mwa njira ina yosavuta, yogwiritsa ntchito maradical. Radical ndi kachidutswa ka molekyulu kamene kali ndi elekitironi imodzi yopanda inzake, ndipo chifukwa cha kusowa kumeneku kamagwira monoma iliyonse imene kakumana nayo. Monomayo ikagwidwa imasanduka radical nayonso, n'kugwira ina, ndipo unyolo umatalika mofulumira zedi. Maradical oyambirira amachokera ku mankhwala oyambitsa, monga potassium persulfate, amene amasweka pang'onopang'ono akatenthedwa. Njirayi siopa madzi, imalola mamonoma a mitundu yochuluka, ndipo ndi yotsika mtengo. Chilema chake ndi chimodzi, koma chachikulu: maradical awiri akakumana amakhutitsana, maunyolo onse awiri n'kufa osadzakulanso. Kawirikawiri unyolo umodzi umabadwa, kukula mpaka tizigawo zikwi zingapo, ndi kufa m'kati mwa sekondi imodzi yokha, pamene ntchito yonse ya mu thanki imatenga maola. Choncho wopanga akathira monoma yachiwiri patapita ola limodzi, maunyolo oyamba aja amakhala atafa kalekale, ndipo chimene amapeza ndi mapolima awiri osiyana okhala m'chidebe chimodzi, osati kopolima ya zigawo. Maunyolowo amasiyananso kwambiri kutalika, chifukwa uliwonse unafa pa nthawi imene tsoka linaupeza.

Chifukwa chake madzi

Emulsion ndi timadontho ta chinthu chosasungunuka m'madzi timene tamwazikana m'madzimo osadikha. Mkaka wa ng'ombe ndi wotero, popeza ndi timadontho ta mafuta m'madzi, ndipo utomoni woyera wa nkhadze, kapena wa mitengo ya labala ya ku Vizara m'boma la Nkhata Bay, uli pafupi kwambiri ndi nkhani ino, chifukwa ndi timibulu ta polima toyandama m'madzi. Mu utomoni wa mtengo wa labala, labalayo amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Akatswiri a ku Germany anatsanzira zimenezi popanga labala wa Buna S m'zaka za m'ma 1930, ndipo dziko la America linakulitsa njirayi mwachangu pambuyo poti Japan yalanda minda ya labala ya ku Malaya mu 1942. Kufotokoza kwa zimene zimachitika mkatimo kunabwera nkhondo itatha, kuchokera kwa William Harkins mu 1947 ndiponso Wendell Smith ndi Roswell Ewart mu 1948.

Mu thanki mumathiridwa madzi, monoma, sopo wapadera ndi mankhwala oyambitsa. Molekyulu ya sopo ili ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wodana nawo, choncho mamolekyulu ambiri amasonkhana m'timagulu, michira mkati mitu kunja, ndipo timaguluti, totchedwa mamicelle, timameza monoma pang'ono. Monoma yotsala imakhala m'madontho akuluakulu amene amangokhala ngati nkhokwe. Radical imabadwira m'madzi, imalowa mu micelle, ndipo pomwepo pamayambira kambulu ka polima kamene kamapitiriza kukoka monoma kuchokera m'madontho kudzera m'madzi, mpaka kukula kufika pakati pa mananomita 50 ndi 500. Ubwino wa dongosolo limeneli ndi wochuluka. Madzi amamwa kutentha kumene kulumikizana kwa mamonoma kumatulutsa, kumene kukanatha kuphulitsa thanki. Chosakanizacho chimakhalabe chamadzimadzi ngakhale theka lake likhale polima. Ndipo popeza maradical atsekeredwa m'timibulu tosiyana, sakumana kawirikawiri, kotero kuti maunyolo amatalika kwambiri ntchito n'kumathamangabe. Koposa zonse, chotulukacho sichifuna kutsukidwa kapena kusungunulidwa ndi thina: chikasakanizidwa ndi ufa wa mtundu chimakhala penti, ndipo madzi akauma pakhoma timibulu tija timapanikizana, kuphwatalala, n'kulowana mpaka kukhala khungu limodzi.

Kugoneka unyolo kuti usafe

Nzeru imene inathetsa vuto la kufa msanga ndi yosavuta kuinena ngakhale inavuta kuipeza. Ngati maunyolo amafa chifukwa maradical amakumana, ndiye kuti nsonga ya unyolo uliwonse ivalidwe chotsekera chimene chimachoka kwa kanthawi kochepa kwambiri n'kubwereranso. Chotsekeracho chikakhalapo, unyolo umakhala chigonere ndipo sungafe. Chikachoka, umadzuka, kuwonjezera mamonoma ochepa, n'kugonanso usanakumane ndi radical inzake. Sekondi imodzi ya moyo ija imadulidwa m'tizidutswa zikwizikwi n'kumwazidwa m'maola onse a ntchitoyo. Maunyolo onse amayamba pafupifupi nthawi imodzi ndipo amakula mosinthana, choncho amatha ali ofanana msinkhu, ndipo wopanga akhoza kuwerengeratu kutalika kwake: akathira mamonoma 200 pa chotsekera chimodzi chilichonse, maunyolo amatalika pafupifupi tizigawo 200. Monoma yoyamba ikatha, maunyolo ambiri amakhala akadali ndi zotsekera zawo, okonzeka kulandira yachiwiri. Kufa sikutheratu, kumangochepa, ndipo n'chifukwa chake akatswiri osamala amakonda kunena kuti njirazi ndi zolamulika m'malo monena kuti ndi zamoyo.

Njira zikuluzikulu zilipo zitatu. Yoyamba imagwiritsa ntchito nitroxide, radical yokhazikika imene siyambitsa unyolo koma imagwira nsonga n'kuisiya ikatenthedwa. David Solomon ndi Ezio Rizzardo a bungwe la kafukufuku la CSIRO ku Melbourne anaiyamba m'zaka za m'ma 1980, ndipo Michael Georges wa ku Xerox ya ku Canada anaitchukitsa mu 1993 poonetsa kuti imalamulira bwino styrene. Yachiwiri, yotchedwa ATRP, inafalitsidwa mu 1995 ndi Krzysztof Matyjaszewski wa ku Carnegie Mellon University ku Pittsburgh ndiponso, payekha, Mitsuo Sawamoto wa ku Kyoto; mu njira imeneyi chotsekera ndi atomu ya bromine kapena chlorine, imene chitsulo monga kopa chimachotsa ndi kubwezera. Yachitatu, RAFT, inachokeranso ku CSIRO mu 1998 kwa Rizzardo, Graeme Moad ndi San Thang, ndipo imagwira mosiyanako, chifukwa chotsekera chake, chomwe chimakhala ndi sulufule, sichichoka chokha koma chimalandidwa ndi unyolo umene uli maso, umene nawo umagona n'kudzutsa mnzakeyo. Mwa zitatuzi RAFT ndi imene ikufanana kwambiri ndi zimene mafakitale anazolowera kale, popeza imangofuna kuwonjezera mankhwala amodzi mu thanki yomweyo.

Pamene nzeru ziwiri zinakana kugwirizana

Munthu akhoza kuganiza kuti kuphatikiza kulamulira kumeneku ndi emulsion kunali kungothira chotsekera m'madzi, koma amene anayesa koyamba, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anapeza timibulu titaundana n'kudikha, mafuta amtundu wofiira kapena wachikasu atayandama pamwamba, ndipo maunyolo osalamulika. Gwero la vutoli linali pa ulendo wa kudutsa m'madzi. Chotsekera chodana ndi madzi chimatsalira m'madontho a monoma osafika m'timibulu kumene chikufunika, pamene chokonda madzi kwambiri chimatuluka m'timibulu n'kusiya maunyolo opanda mlonda. Panalinso vuto lina losaonekera msanga, lakuti m'njira yolamulika timibulu timayamba todzaza ndi maunyolo aafupi ambirimbiri m'malo mwa aatali ochepa, ndipo maunyolo aafupi amakoka monoma yochuluka kwambiri mpaka kambulu kutupa kupitirira mphamvu ya sopo woti akasunge.

Njira yoyamba yozembera vutoli inali miniemulsion, imene John Ugelstad, Mohamed El-Aasser ndi John Vanderhoff anayambitsa ku Lehigh University mu 1973. Mu njira imeneyi monoma imaphwanyidwiratu ndi makina amphamvu kukhala timadontho tochepa ngati timibulu timene tikufunidwa, chotsekera chili kale mkati, kotero kuti dontho lililonse limakhala kathanki kakekake ndipo palibe chimene chikufunika kuwoloka madzi. Zimagwira ntchito bwino m'labotale, koma makinawo amadya magetsi ambiri ndipo amavuta kukulitsa kufika pa matani.

Yankho labwino koposa linachokera ku University of Sydney, kumene gulu la Brian Hawkett, mogwirizana ndi kampani ya penti ya Dulux Australia, linafalitsa zotsatira zake mu 2002. Iwo anasiya sopo, n'kuyamba ndi kupanga unyolo waufupi wa acrylic acid, wosungunuka m'madzi, uli ndi chotsekera cha RAFT kunsonga. Kenaka anathira butyl acrylate pang'onopang'ono, kuti pasakhale madontho akuluakulu, ndipo chigawo chodana ndi madzi chitayamba kumera pa unyolo uja, molekyuluyo inakhala ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wodana nawo, ndiye kuti inasanduka sopo payokha n'kusonkhana m'mamicelle. Pamenepa chotsekera chili kale mkati mwa kambulu, chomangirira pa unyolo, ndipo sichingathawe. Kukongola kwa njirayi n'kwakuti kopolima ya zigawo, imene inali cholinga, yakhalanso chida chodzipangira yokha. Bernadette Charleux ku France anachita zofanana ndi nitroxide komanso RAFT, ndipo iye pamodzi ndi Steven Armes wa ku Sheffield anakulitsa kwambiri njira imene tsopano imatchedwa PISA, imene yaonetsa kuti posintha kutalika kwa zigawo ziwirizo timibulu tikhoza kutuluka tozungulira, totalika ngati nyongolotsi, kapena tamphako mkati totha kunyamula mankhwala. Mu 2017 gulu la David Haddleton ku University of Warwick linalengeza unyolo wa zigawo 21 wopangidwa mu emulsion ndi mtundu wa RAFT wopanda sulufule.

Phindu lake ndi malire ake

Kwa penti, phindu likuoneka mbali ziwiri. Mu penti wamba sopo amangotsamira pa timibulu, choncho khungu likauma amasuntha n'kusonkhana pamwamba kapena m'timatumba, ndipo mvula ikamenya khoma timatumbato timamwa madzi, n'kuyeretsa kapena kutupitsa penti. Koma ngati chosunga kambulu chili chigawo cha unyolo weniweniwo, sichingasunthe. Mbali yachiwiri ndi ya mankhwala ofewetsa amene opanga amathira kuti timibulu tolimba tilowane, mankhwala amene pambuyo pake amauluka n'kupumidwa ndi wopenta ndi eni nyumba. Kambulu kokhala ndi chigawo chofewa chochuluka ndi chigawo cholimba chomangirira pomwepo kamalowana ndi anzake popanda thandizo lotere, kapena ndi lochepa, ndipo zigawo zolimbazo zimasonkhana n'kulimbitsa khungu lonse. Nzeru yomweyo imathandiza pa zomatira, pa mankhwala omwaza ufa wa mtundu kuti usaundane mu penti ndi mu inki, ndi pa kulimbitsa mapulasitiki osweka msanga. Kampani ya Arkema ya ku France imagulitsa makopolima a zigawo a mtundu wa acrylic opangidwa ndi nitroxide, ndi dzina loti Nanostrength.

Ndi bwino kunena mosabisa kuti penti wochuluka amene ali m'mashelefu a masitolo, kuno ngakhalenso kunja, amapangidwabe ndi njira yakale, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Zotsekera za RAFT zimakwera mtengo, zimasiya mtundu wachikasu kapena wofiirira, ndipo zina zimanunkha sulufule zikayamba kusweka; kopa wa ATRP amadetsa polima ndipo ayenera kuchotsedwa, ngakhale kuti kuyambira cha m'ma 2006 papezeka njira zochepetsera kopayo kufika pa mlingo wochepetsetsa; nitroxide zoyamba zinkafuna kutentha kopitirira madigiri 120, pamene madzi amawira pa madigiri 100, kotero kuti thanki iyenera kukhala yopirira mphamvu ya nthunzi. Sikoyeneranso kuganiza kuti chinthu chikapangidwa m'madzi ndiye kuti chimaola. Dziko la Malawi linaletsa mapepala a pulasitiki opyapyala kuchepera mamaikironi 60 mu 2015, ndipo khothi lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, chifukwa polima yotayidwa imakhala m'nthaka ndi m'ngalande zaka zambiri. Timibulu ta penti, ngakhale tisaoneke ndi maso, tili m'banja lomwelo, ndipo madzi otsukira mabulashi sayenera kuthiridwa mumtsinje kapena pafupi ndi chitsime.

Chimene chikupereka chiyembekezo kwa ophunzira a m'dziko muno n'chakuti sayansi imeneyi, mosiyana ndi ya Szwarc, sifuna zida zodabwitsa. Botolo la galasi, chotakasira, madzi otenthetsedwa kufika cha pa madigiri 70, ndi mpweya wa naitrojeni wothamangitsira okosijeni, amene amalepheretsa maradical kugwira ntchito, n'zokwanira kuti wophunzira wa chemistry ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo apange kopolima ya zigawo m'madzi. Akatswiri oti n'kuphunzirako sali kutali, popeza Stellenbosch University ku South Africa ili ndi mbiri yaitali pa sayansi ya mapolima, ndipo Bert Klumperman wa kumeneko ndi mmodzi mwa odziwika pa kafukufuku wa RAFT. Chimene chimadula ndi kutsimikiza kuti chapangidwacho n'chimene chinafunidwa, pakuti madzi oyera ngati mkaka amaoneka chimodzimodzi kaya zigawo zalumikizana kaya ayi, ndipo pamafunika makina otchedwa GPC, amene amasanja maunyolo malinga ndi kukula kwawo, kuti aonetse ngati unyolo woyamba watalikadi monoma yachiwiri itathiridwa. Masukulu a ukachenjede, bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi makampani opanga penti ndi guluu angachite bwino kukhala ndi labotale imodzi ya zida zotere, yosamalidwa bwino ndi yotsegukira onse, kusiyana n'kuti aliyense aziyembekezera kudzagula zake.